Bwanamkubwa amene anatsekereza maliro a Alexander pa njira

Mu June chaka cha 323 BC, Alexander wa ku Macedonia anatsirizika m'nyumba yachifumu ya ku Babylon ali ndi zaka 32. Inali nyengo yotentha kwambiri ku Mesopotamia, komabe mtembo wake unagona masiku angapo wopanda ousamala. Akuluakulu a nkhondo anali kalikiliki kukangana za amene alowe m'malo. Phokoso litazizira m'pamene anaitana akatswiri a ku Egypt ndi a ku Babylon komweko kuti aukonze ndi mankhwala usawonongeke.

Vuto linali loti malemuyo sanasiye wolowa ufumu woonekera. Mkazi wake Roxana anali woyembekezera. Mbale wake wa bambo mmodzi, Arrhidaeus, anali wamkulu ndithu koma mutu wake sunkagwira bwino. Anagwirizana kuti onse awiri, mbaleyo ndi mwana akabadwa wamwamuna, akhale mafumu a dzina, ndipo Perdiccas, amene Alexander anamupatsa mphete yake ali pa mphasa, awagwirire mpando. Dziko analigawa potsata zigawo zimene mafumu a ku Persia anasiya. Darius woyamba anali ataika ufumu wake m'zigawo pafupifupi 20, chilichonse ndi bwanamkubwa wake wotchedwa satrap, wotolera msonkho ndi kusunga bata m'dzina la mfumu. Alexander sanagwetse dongosololi. Pa kugawanako, Egypt anagwera Ptolemy, mwana wa Lagus, mmodzi wa alonda a mfumu amene anayenda nayo mpaka ku India.

Ptolemy atafika ku Egypt anapeza Cleomenes, munthu amene ankasunga chuma cha dzikolo kuyambira nthawi ya Alexander ndipo tsopano anaikidwa kukhala wachiwiri wake. Anamuona ngati diso la Perdiccas, n'kumupha. Chumacho chinakhala m'manja mwake.

Ku Babylon amisiri anatha zaka pafupifupi ziwiri akupanga ngolo ya maliro. Wolemba mbiri Diodorus anaifotokoza mwatsatanetsatane moti munthu umachita kuiona. Bokosi linali la golide wosula, lodzaza zonunkhira, pamwamba pake atayala nsalu yofiirira yopetedwa ndi golide, pambali pake zida za malemuyo. Denga la ngoloyo linali la golide, litakhazikika pa nsanamira, ndipo m'mbali munali ukonde wa golide ndi zithunzi zinayi zosonyeza mfumu pa galeta, njovu za nkhondo, apakavalo ndi zombo. Pakhomo panali mikango ya golide. Inkakokedwa ndi nyulu 64, iliyonse ndi chisoti chonyezimira ndi mabelu m'masaya. Kutsogolo kunkayenda okonza misewu, ndipo mzinda uliwonse umene ngoloyo inkafika anthu ankatuluka kudzaichingamira n'kuiperekeza.

Koma inkapita kuti? Apa m'pamene panagona nkhani. Mafumu a ku Macedonia ankaikidwa ku Aegae, kumene lero kuli mudzi wa Vergina kumpoto kwa Greece, ndipo mwambo unali woti wolowa ufumu ndiye amaika mnzake amene wapita. Alexander mwiniwake anaika bambo ake Philip kumeneko mu 336 BC. Ankadziwa bwino mphamvu ya mwambowu moti anaugwiritsanso ntchito pa mdani wake. Darius wachitatu ataphedwa mu 330 BC ndi anthu ake omwe motsogozedwa ndi Bessus, bwanamkubwa wa ku Bactria, Alexander anatumiza mtembowo ku Persia kuti ukaikidwe mwaulemu m'manda a mafumu, kenako anasaka Bessus mpaka kumupha. Pochita izi ankauza Aperisiya kuti mwini maliro a mfumu yawo ndi iye, choncho mpandonso ndi wake. Aliyense amene anakhalapo pa maliro a mfumu akudziwa mmene maso a anthu amakhalira pa munthu amene akulamula za kumanda.

Perdiccas akanafika ku Aegae ndi bokosi lagolide lija, mafumu awiri ali m'manja mwake, palibe akanamuletsa. Panalinso mawu oti Alexander ankafuna kukagona ku Siwa, m'chipululu cha kumadzulo kwa Egypt, kumene ansembe a Ammon anamulonjera monga mwana wa mulungu. Mawu amenewa anamupatsa Ptolemy poyambira. Mu 321 BC anatuluka ndi asilikali, anakumana ndi ngoloyo ku Syria, ndipo mogwirizana ndi mkulu amene ankaiperekeza anaikhotetsera kummwera. Ku Siwa sinafike. Mtembo unaikidwa ku Memphis, likulu lakale la Afarao.

Ine ndimaona kuti apa Ptolemy anaona patali kuposa anzake onse. Perdiccas ankasunga mafumu amoyo, mmodzi wodwala mutu, wina khanda, ndipo asilikali sankawawerengera kwenikweni. Mtima wawo unali pa munthu amene anali m'bokosi uja.

Perdiccas sakanangokhala. Anatsika ndi gulu lankhondo lachifumu, ndi njovu zomwe, kukalanda Egypt. Anayesa kuwoloka Nile pafupi ndi linga lina, Ptolemy anamubweza. Perdiccas anayenda usiku mpaka moyang'anana ndi Memphis, pamene mtsinje unagawika n'kusiya chilumba. Madzi ankafika m'chibwano ndipo ankathamanga. Anaimika njovu kumtunda kuti zichepetse mphamvu ya madzi, apakavalo kumunsi kuti aziwola okokoloka. Oyamba anawoloka bwino. Koma mapazi a anthu ndi a nyama anatakasa mchenga wapansi, madzi n'kuukokolola, ndipo dooko linayamba kuzama. Otsalira analephera kuwoloka. Poona kuti amene ali tsidya lija ndi ochepa, Perdiccas analamula kuti abwerere. Odziwa kusambira anataya zida n'kupulumuka. Ena anamira, ena anakokoloka mpaka kugwidwa ndi ng'ona anzawo akuona. Diodorus akuti anafa anthu oposa 2,000, popanda nkhondo yeniyeni.

Zimene Ptolemy anachita pambuyo pake ndi zimene zimandigwira mtima pa mbiri yonseyi. Anatola mitembo imene madzi analavulira ku gombe lake, mitembo ya anthu amene anabwera kudzamupha, anaiwotcha mwa mwambo wa kwawo, n'kutumiza mafupa kwa abale ndi anzawo. Mu msasa wa Perdiccas munali kulira kokhakokha, ndipo anthu anayamba kuyerekeza atsogoleri awiriwa. Akuluakulu ankhondo a Perdiccas yemweyo, Peithon, Antigenes ndi Seleucus, analowa m'hema wake n'kumubaya. M'mawa mwake Ptolemy anawoloka ndi chakudya kudzadyetsa asilikali anjalawo. Akanatha kutenga udindo wa Perdiccas tsiku lomwelo, koma anaukana. Egypt anamukwanira.

Mafumu awiri aja sanakhalitse. Arrhidaeus anaphedwa mu 317 BC molamulidwa ndi Olympias, mayi a Alexander. Mwana uja ndi mayi ake Roxana anaphedwa ndi Cassander, amene ankalamulira ku Macedonia, cha m'ma 310 BC. Seleucus anapatsidwa Babylon n'kuyambitsa banja lake lachifumu. Ptolemy anakhala ndi dzina la bwanamkubwa mpaka cha m'ma 305 BC pamene anadzitcha mfumu, ndipo ndalama zake zoyambirira zinali ndi nkhope ya Alexander atavala chikopa cha mutu wa njovu. Mbumba yake inalamulira Egypt mpaka imfa ya Cleopatra mu 30 BC.

Mtembo uja anausamutsira ku Alexandria, mzinda umene Alexander anakhazikitsa ku Egypt, ndipo Ptolemy wachinayi anamanga manda aakulu pakati pa mzinda, n'kugoneka makolo ake pambali pa Alexander ngati a banja limodzi. Patapita zaka, mdzukulu wina wa banjali atasowa ndalama anachotsa bokosi lagolide lija n'kuika lagalasi. Octavian, mtsogoleri wa Aroma amene pambuyo pake anatchedwa Augustus, atalanda mzindawu mu 30 BC anapita kukaona mtembowo, anauveka chisoti chagolide n'kuwazapo maluwa. Atamufunsa ngati akufuna kuonanso manda a banja la Ptolemy, anayankha kuti wabwera kudzaona mfumu, osati mitembo.

Mfumu ya Aroma yomaliza imene mbiri imatchula kuti inafika pamandapo ndi Caracalla, mu 215 AD, amene anavula mkanjo wake, mphete ndi lamba n'kuziika pa bokosi. Pofika cha m'ma 400 AD, mlaliki John Chrysostom ankafunsa omvera ake kuti amuonetse manda a Alexander ngati akuwadziwa. Mzinda wakale uja unakwiririka pansi pa Alexandria wa lero, mbali ina inamira m'nyanja, ndipo ofukula zakale akukumbabe pakati pa nyumba ndi misewu ya mzindawo.