Chidebe chili pakhomo, koma mawindo ngotseka

Ndikamayendera masukulu ndi misika pa ntchito yanga ya zaukhondo, pali funso limene silisowa: "Alangizi, nthawi ya korona tinkasamba m'manja paliponse, nanga matendawa anatipeza bwanji?"

Ofunsawo sanama. Boma litangolengeza pa 2 Epulo 2020 kuti anthu atatu oyamba apezeka ndi Covid-19 m'dziko muno, zidebe zampopi zinamera ngati bowa pakhomo la sitolo, banki ndi tchalitchi. Tinachita bwino. Koma tikasamba tinkalowa m'chipinda chotseka mawindo n'kukhala mothithikana maola awiri. Apa m'pamene kachiromboka kankatidyera.

Tizirombo ta mtundu uwu timayenda kwambiri ndi mpweya. Munthu akamatsokomola, kulankhula kapena kuimba, m'kamwa ndi m'mphuno mumatuluka timadontho. Tokulirapo timagwa pafupi, mita imodzi kapena awiri. Tina n'tating'ono kwambiri moti maso sangatione, ndipo timayandama m'chipinda kwa nthawi yaitali. Ganizirani utsi wa nkhuni zaziwisi. M'khitchini yotseka, ngakhale amene wakhala pakona maso amamuwawa. Moto womwewo ukakhala pabwalo, utsi umangopita ndi mphepo. Choipa n'chakuti munthu amayamba kupatsira anzake tsiku limodzi kapena awiri asanamve n'komwe kuti thupi silili bwino, choncho simungamudziwe pomuyang'ana.

Malo amene amandidetsa nkhawa kwambiri ndi pasiwa. Amayi amachezera m'nyumba usiku wonse, phewa ndi phewa, akuimba nyimbo, chitseko ndi mawindo atatseka poopa udzudzu ndi chisanu. Kuimba kumatulutsa timadontho tambiri kuposa kulankhula. Abambo amene akuwotha moto panja amakhala otetezekako, ngakhale sadziwa. Sindinauzepo munthu kuti asapite kumaliro, zimenezo si zathu. Chimene ndimapempha amfumu ndi akuluakulu a mpingo n'chakuti kukamveka mliri, makwaya aziimbira panja, m'nyumba muzikhala anthu ochepa osinthanasinthana, ndipo agogo ndi odwala shuga kapena BP asagonemo.

Mu minibasi ndi chimodzimodzi. Wina amati tsekani windo, fumbi likundiwonongera tsitsi. Fumbi limachoka ndi madzi, mayi.

Masiki ntchito yake n'kugwira timadontho tija tisanafalikire, ndiye iyenera kuphimba pakamwa ndi mphuno zomwe. Yolendewera pachibwano, imene ambiri ankaikweza akaona apolisi, inali yongoopera chindapusa.

Musandimve molakwa, sopo sindikumunyoza. Kachirombo ka korona kali ndi chikutu chamafuta, ndipo sopo amachiswa monga amachitira ndi mafuta a m'mbale. Koma pamafunika kutikita masekondi 20, m'mipata ya zala ndi m'zikhadabo momwe, pa madzi oyenda. Beseni limodzi lozungulira anthu khumi nsima isanabwere ndi kugawana litsiro, wotsirizayo ndiye amalandira la onse. Thirirani ndi jagi, kapena mangani mpondagiya pafupi ndi chimbudzi: kachigubu, chingwe ndi timitengo basi. Kolera amene anayambira ku Machinga mu Malichi 2022 anapeza zidebe zambiri zitasanduka zosungira ufa.

Ena amati tikanangotsekeredwa m'nyumba. Boma linafunadi kutero kwa masiku 21 mu Epulo 2020, koma khoti linaletsa, ndipo amalonda anali atachita kale zionetsero. Munthu amene amadya zimene wapeza tsiku lomwelo simungamutsekere opanda chakudya. Mu Januwale 2021 matenda anakula, nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo katemera anafika mu Malichi. Pa nthawi yodikirayo chimene tinali nacho ndi zomwe zili m'manja mwathuzi.

Ngati pakhomo panu wina wayamba chifuwa ndi kutentha thupi, agone payekha ngati malo alipo. Ngati chipinda n'chimodzi, mphasa yake ikhale pafupi ndi windo, masana azikhala pakhonde, ndipo womusamalira akhale mmodzi, osati agogo. Akayamba kubanika kapena kulephera kumaliza mawu chifukwa cha phuma, musadikire kuti kuche, pitani naye kuchipatala.