Pulogalamu ikaima, musafulumire kuimba mlandu kompyuta

Timapulogalamu ta pa kompyuta tolembedwa konkuno tikuchuluka ku Mulanje ndi ku Thyolo. Achinyamata amene aphunzira Python kapena Java akupangira magulu a alimi a tiyi pulogalamu yosungira makilogalamu a masamba, ena ya malisiti a m'sitolo pa Chitakale kapena pa Luchenza, ena ya fizi ya sukulu. Tsiku lokaionetsa kwa abwana imayenda bwinobwino. Madandaulo amayamba mvula ikagwa, tiyi atachuluka, mzere wa alimi utatalika. Kalaliki wadina batani, windo layera mbuu, pamwamba palembedwa kuti Not Responding. Anthu amati kompyutayo yakalamba, ena amati yalowa vayirasi. Kawirikawiri vuto limakhala m'kalembedwe ka pulogalamuyo.

Pulogalamu ya mawindo siyenda ngati ija munayambira kuphunzira, yochokera mzere woyamba n'kutsika mpaka wotsiriza. Iyo ikatsegula windo imakhala n'kumadikira. Kudina mausi, kutaipa chilembo, kukoka windo, ngakhale kulijambulanso pa sikirini, zonsezi zimafika ngati mauthenga oima pamzere, ndipo wowalandira ndi mmodzi yekha. Chida chilichonse chopangira mawindo chili ndi wolandira wake: mu Tkinter ya Python ntchitoyi imagwiridwa ndi mainloop, mu Qt ndi exec, mu Swing ya Java ndi Event Dispatch Thread. Zili ngati kalaliki mmodzi pa sikelo ya tiyi: mlimi wina akamutuma kuofesi kukafufuza mabuku a chaka chatha, mzere wonse waima, ngakhale amene amangofuna kusainitsa. Windows ikaona kuti papita masekondi pafupifupi 5 pulogalamu isakulandira mauthenga, imalemba Not Responding. Pulogalamuyo sinafe, yangotanganidwa kwina.

Zomwe zimaitanganitsa n'zodziwika: kupanga lipoti lalikulu la Excel, kutumiza zinthu pa intaneti netiweki ikuvuta, kudikira pulinta, ndi time.sleep, lamulo loimitsa pulogalamu kwa kanthawi, loikidwa m'kati mwa batani. Choopsa kwambiri kuno kwathu ndi sikelo yolumikizidwa pa COM port. Mukatsegula port ndi pyserial osaika timeout, yomwe ndi malire a nthawi yodikira, pulogalamu imadikira mpaka kalekale. Waya ukangogwedera pang'ono, windo limaima ndipo silidzukanso.

Mankhwala ake ndi kupereka ntchito yaitali kwa thread ina, yomwe ili ngati wantchito wachiwiri m'kati mwa pulogalamu yomweyo, kuti yolandira mauthenga ija ikhale yomasuka. Koma apa ndi pamene ambiri amagwera m'dzenje lachiwiri. Thread yothandizayo isakhudze windo, isalembe m'bokosi, isasinthe batani. Igwire ntchito yake, zotsatira izipereke kwa mwini windo, yemwe ndi thread yolandira mauthenga ija. Mu Tkinter mumaika zotsatirazo mu queue.Queue, kenaka ndi after windo limasuzumiramo pa mamilisekondi 100 aliwonse. Mu Qt mumatumiza signal. Mu Swing muli SwingWorker ndi invokeLater, mu Windows Forms muli Invoke. Mukaswa lamuloli, Windows Forms imakuchenjezani poyera mukamayesa pulogalamu mu Visual Studio. Qt ilibe chifundo chotere: itha kuyenda sabata yonse, n'kudzangotseka yokha tsiku lamalipiro.

Pali njira yachidule imene ine sindiikonda, ngakhale imaoneka ngati ikugwira. Ndi kuika update, processEvents kapena DoEvents pakati pa ntchito yaitali kuti windo lizipuma. Limapumadi. Koma popeza layambanso kulandira mauthenga, kalaliki wotopa akadina batani losunga kachiwiri, ntchito yachiwiri imayambira m'kati mwa yoyamba isanathe, ndipo makilogalamu a mlimi mmodzi amalembedwa kawiri. Cholakwika chotere sichioneka pa sikirini, chimadzatulukira kumapeto kwa mwezi ndalama zikakana kugwirizana ndi masamba. Njira iliyonse imene mwasankha, batani lizizimitsidwa likangodinidwa, lidzayatsidwenso ntchito ikatha.

Tizolakwika tina ta mu Tkinter sitifuna nkhani yaitali. Mukalemba command=sunga() m'malo mwa command=sunga, ntchito yosunga imachitika pulogalamu ikungotseguka, ndipo batani limakhala gwa mukalidina. Chithunzi cha PhotoImage chopangidwa m'kati mwa function chimasowa function ikatha, chifukwa Python imachotsa chinthu chimene palibe akuchisunga. Chisungeni pa self basi. Ndipo pack ndi grid, njira ziwiri zoyalira zinthu pa windo, sizikhalira limodzi mu frame imodzi.

Gulu lina la mavuto limabadwa tsiku lomwe pulogalamu yachoka pa laputopu yanu. Mwaimanga ndi PyInstaller, chida chomangira pulogalamu ya Python kuti iyende pa kompyuta ina, mwaika pa fulashi, mwakwera minibasi mpaka ku Limbuli, koma kumeneko logo sikuoneka. Chifukwa chake n'chakuti munangolemba dzina la fayilo, ndipo pulogalamu imalifuna mu foda imene yayambitsidwira, osati m'mene munalisiya inu. Mukamanga ndi onefile kuti pulogalamu ikhale fayilo imodzi, ikatseguka zonse zimamasulidwira mu foda yongoyembekezera, yomwe adiresi yake ili mu sys._MEIPASS, ndipo fodayo imafufutidwa pulogalamu ikatsekedwa. Zithunzi muziwerenge kuchokera m'menemo, palibe vuto. Koma fayilo ya SQLite, yomwe pulogalamu imasungiramo zolembedwa, mukaisunga m'menemo, zonse zimene kalaliki walemba tsikulo zimapita nayo madzulo. Mu Program Files namonso munthu wamba saloledwa kulemba. Malo oyenera ndi foda ya AppData, ndipo kusunga kulikonse kuzimalizidwa nthawi yomweyo ndi commit, lamulo lokhazikitsa zolembedwazo mu fayilo, poti magetsi akamazima sachenjeza.

Funsaninso msanga kuti kompyuta ya kumeneko ndi yotani. M'maofesi ena mudakali Windows 7, ndipo Python yomaliza kuyenda pa Windows 7 ndi 3.8, yomangidwa ndi 3.9 kapena yatsopano imakana kutseguka. Yomangidwa ya 64-bit siyenda pa Windows ya 32-bit. Malaputopu ambiri ogwiritsidwapo kale ntchito ali ndi sikirini ya 1366 ndi 768, choncho windo lomwe munaliyeza pa sikirini yanu yaikulu, batani lililonse mutalikhomera pamalo pake ndi place, limabisa batani losunga kunsi kumene palibe angalifikire. Lolani grid kapena ma layout a Qt aziyala zinthu okha.

Kenaka pali chilembo chathu cha ŵ. Pa Windows, Python ikamatsegula fayilo musanaiuze encoding, yomwe ndi njira yosungira zilembo mu fayilo, pa makompyuta ambiri kuno imatenga cp1252, ndipo m'menemo mulibe ŵ. Tsiku lomwe wina adzalembe Malaŵi kapena dzina la mlimi lokhala ndi chilembochi, kusunga kudzalephera ndi UnicodeEncodeError. Muzilemba encoding="utf-8" paliponse pomwe mukutsegula fayilo. Ngati CSV yake ikukatsegulidwa mu Excel, utf-8-sig ndiye imathandiza kuti zilembo zisasokonekere.

Chimene chimakulitsa zonsezi n'chakuti pulogalamu yomangidwa ndi windowed ya PyInstaller ilibe kawindo kakuda kaja koonetsa zolakwika. Batani la Tkinter likalephera, uthenga umapita kumalo kumene kulibe wouona, ndipo kalaliki akaimba foni amangoti "sizikutheka, achimwene". Inu muli ku Thyolo boma, iye ali kuseri kwa phiri, simungakonze chinthu ndi mawu amenewo. Musanapereke pulogalamu, gwiritsani ntchito logging kuti zolakwika zizilembedwa mu fayilo, ndipo report_callback_exception muilozetse komweko kuti zolephera za mabatani zisasowe. Mu fayiloyo muzikhala tsiku ndi nthawi, batani lomwe linadinidwa, traceback yonse yosonyeza mzere pomwe pulogalamu yalephera, mtundu wa Windows, ndi nambala ya pulogalamu yanu, poti mafulashi amayenda ndipo nthawi zina ofesi imakhala ikugwiritsabe ntchito imene munaikonza kale. Muikenso kabatani kotsegula foda ya fayiloyo, kuti kalaliki asavutike kuifufuza pokutumizirani pa WhatsApp.