Kuzunzidwa pa Intaneti ndi Thanzi la Maganizo a Ophunzira a ku Koleji

Wophunzira akadandaula kuti anzake akumunyoza pa intaneti, ambiri amangomuuza kuti, "Ingozimitsa foniyo." Langizo limeneli silithandiza. Pagulu la WhatsApp pomwe akumusekapo m'pomwenso amatumizirana manotsi, m'pomwe amalengezera kuti tsiku la mayeso lasintha. Akatulukamo atsalira pa maphunziro, akakhalamo aziona chipongwe chilichonse. Komanso olemba zoipazo nthawi zambiri si alendo ayi, ndi anthu omwe mawa m'mawa akhala nawo m'kalasi imodzi.

Nkhanza zimenezi ndi zotani?

Ndi kugwiritsa ntchito foni kapena kompyuta poopseza, kutukwana kapena kuchititsa manyazi munthu mwadala, mobwerezabwereza. Ena amafalitsa mabodza. Ena amatsegula akaunti m'dzina la mnzawo pa Facebook kapena Instagram n'kumalemba zonyansa ngati ndi iyeyo. Ena amatenga chithunzi cha munthu n'kumaseka thupi lake, khungu lake kapena zovala zake. Zopweteka koposa ndi kufalitsa zithunzi zachinsinsi chibwenzi chikatha, kapena kuopseza kuti, "Ukapanda kutumiza ndalama, aliyense aziona."

Zomwe zimachitika m'thupi ndi m'maganizo

Munthu akakutukwana pamaso, umachokapo n'kukapuma. Chipongwe cha pa intaneti chimakutsatira mpaka pogona, ndipo sudziwa kuti achiona angati. Nthawi ili 2 koloko usiku, foni yanjenjemera pansi pa pilo, mtima uli phaa. Wophunzira uja akuwerenganso ndemanga zomwe waziwerenga kale kakhumi, akuyang'ana maina a amene aikapo kachizindikiro koseka, n'kupezapo dzina la mnzake wogona naye chipinda chimodzi. Kukacha, anthu awiri akangoseka pakona, iye amadziwiratu mumtima kuti akuseka iyeyo, ngakhale akuseka zawo.

Izi si kufooka mtima. Thupi likaona choopsa limatulutsa timadzi ta m'thupi (mahomoni) totchedwa adrenaline ndi cortisol: mtima umathamanga, minofu imakungika, tulo timathawa. Zimayenera kutha choopsacho chikadutsa. Koma mauthenga akamabwerabe tsiku ndi tsiku, thupi limakhala tcheru osapuma. Munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7, ndipo wosowa tulo sachedwa kukwiya, amaiwalaiwala, zowerenga sizilowa m'mutu. Magiredi akayamba kutsika, nkhawa imawonjezeka, ndipo mawu a omunyoza aja amayamba kumveka ngati oona.

Msinkhu wa ku koleji ndi wofunika kuusamala kwambiri, chifukwa matenda ambiri a maganizo amayamba munthu asanakwanitse zaka 25, ndipo ambiri pa nthawiyi amakhala atangochoka kumene pakati pa makolo ndi abale. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati pakati pa anthu a zaka 15 mpaka 29, kudzipha kuli pa nambala yachitatu mwa zinthu zomwe zimapha anthu ambiri. Si aliyense wozunzidwa amene amafika poganiza zimenezi, koma manyazi ndi kudzimva kuti uli wekhawekha zimakulitsa chiopsezo.

Zizindikiro zofunika kuziona

Munthu amayamba kujomba m'kalasi ndi kudzitsekera m'chipinda. Amadzidzimuka foni ikalira, kapena sathanso kuisiya. Kadyedwe kamasintha, mutu ndi m'mimba zimapweteka popanda matenda odziwika. Ena amayamba kumwa mowa kwambiri kapena mankhwala ozunguza bongo kuti aiwale. Ngati kukhumudwa ndi kusasangalalanso ndi zomwe munkakonda kwatenga masabata awiri, pafupifupi tsiku lililonse, kaonaneni ndi achipatala kapena mlangizi. Matenda a kukhumudwa ali ndi chithandizo, ndipo anthu amachira.

Ngati zikukuchitikirani inuyo

Musayankhe mutapsa mtima, pakuti wozunzayo akudikira yankho lomwelo kuti alifalitsenso. Musanafufute kanthu kapena kumubuloka, jambulani sikirini yoonetsa dzina la akaunti, tsiku ndi nthawi. Ambiri amafufuta msanga chifukwa cha manyazi, kenako n'kusowa umboni pokadandaula. Mukasunga umboniwo, mubulokeni ndipo mumunenere kwa eni tsambalo kudzera pa batani la Report.

Uzani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira, lero lomwe. Kenako pitani ku ofesi yoona za umoyo wa ophunzira pakoleji panu. Ngati pali kuopsezedwa kapena kufunidwa ndalama, nkhaniyo ndi ya apolisi, ndipo m'mayiko ambiri muli malamulo olanga mchitidwewu. Musalipire, wolandira kamodzi amabweranso.

Pa zithunzi zachinsinsi, a zaka 18 kupita m'tsogolo angagwiritse ntchito tsamba la StopNCII.org. Chithunzicho sichichoka m'foni mwanu. Tsambalo limangopanga nambala yapadera yochizindikirira, ndipo makampani ogwirizana nalo, monga Facebook, Instagram ndi TikTok, amaigwiritsa ntchito potchinga chithunzicho. Wolakwa ndi amene wafalitsa, osati inu amene munamukhulupirira.

Ngati zikuchitikira mnzanu

Nkhanza zimenezi zimakula chifukwa cha oonerera. Kutumizira ena "kuti nawonso aone", ngakhale kungoikapo kachizindikiro koseka, n'kuthandiza wozunzayo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ngati ndinu woyang'anira gulu, chotsani uthengawo ndipo muchenjezeni wotumizayo. Ngati kulankhula pagulu kukukuvutani, mulembereni mnzanuyo payekha kuti, "Ndaona zomwe zalembedwa zija, si zabwino, ndili nawe." Mawu ochepa amenewa amamusonyeza kuti si kalasi yonse imene ikumuda. Ngati nkhaniyo ndi ya chithunzi chachinsinsi, musamufunse chifukwa chomwe anatumizira chithunzicho. Funso limenelo wadzifunsa kale yekha usiku wonse.

Akayamba kunena kuti, "Ndatopa ndi moyo," kapena kugawa katundu wake ndi kutsanzika anthu, musazitenge ngati nthabwala. Mufunseni mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu, koma kumamupatsa mpata woti alankhule. Akavomera, musamusiye yekha. Chotsani pafupi mankhwala ndi chilichonse chomwe angadzivulaze nacho, dziwitsani woyang'anira malo ogona kapena wachibale, ndipo mupite naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale atakupemphani kuti musauze munthu.