Mankhwala Akagwira pa Mbewa, Sikuti Agwiranso pa Munthu

Ambiri akamva kuti mankhwala aphwetsa chotupa cha khansa ya m'mawere pa mbewa, amati basi, mankhwala a amayi apezeka. Si choncho.

Ofufuza akamabaya maselo a khansa ya munthu m'mafuta a bere la mbewa, amasankha mbewa zopanda chitetezo chokwanira cha m'thupi, apo ayi thupi limawakana. Mbewa zotere sizingaonetse mmene chitetezo chimalimbanirana ndi khansa. Pofufuza zimenezo amabaya maselo a khansa ya m'mawere ya mbewa otchedwa 4T1 mu mbewa za mtundu wa BALB/c zomwe zili ndi chitetezo chokwanira, ndipo khansayo imafalikira kumapapo, kuchiwindi ndi kumafupa.

Vuto lalikulu ndi estrogen, homoni yomwe imachuluka m'thupi la amayi. Pafupifupi 70 mwa khansa 100 za m'mawere za amayi zimakula ndi homoniyi, pomwe zotupa zambiri za mbewa siziidalira. Ngakhale maselo a khansa ya m'mawere ya munthu otchedwa MCF-7 sakula bwino mu mbewa mpaka ataiika kambulu ka estrogen pansi pa khungu.