Momwe Mzuzu yakhala ikuyezera ofuna upulezidenti

Mu Novembala 2024 chipani cha UTM chinachitira msonkhano wake waukulu ku Mzuzu, patangotha miyezi isanu chimwalirireni Saulos Chilima pa ngozi ya ndege m'nkhalango ya Chikangawa. Nthumwi zinasankha Dalitso Kabambe, yemwe kale anali gavanala wa banki ya Reserve, ndipo anagonjetsa Patricia Kaliati, Newton Kambala ndi Matthews Mtumbuka. Anthu a ku Chibavi, Luwinga ndi Mchengautuwa zotsatirazo anangozimvera pa wailesi ngati wina aliyense, ngakhale msonkhanowo unachitikira pakhomo pawo, m'chigawo chomwe Chilima anatsogola pa mavoti mu 2019. Tsiku lotsatira mkangano unali womwe uja wa masiku onse pamalo oimikapo kabaza ndi mumsika: kodi tikusankha nkhope ndi pakamwa pa munthu, kapena ntchito zake?

Mkanganowu uli ndi mbiri yake, ndipo ikaunikidwa bwino imaonetsa kuti wovota wamba timamunamizira zambiri.

Kuno kwathu chipulula chomwe munthu wamba amachiona ndi cha aphungu ndi makhansala. Amene anafikapo pa bwalo la sukulu tsiku la chipulula akudziwa momwe zimakhalira kawirikawiri. Opikisana amaimikidwa kutsogolo, anthu a m'nthambi za chipani n'kundanda kumbuyo kwa yemwe akumufuna, wowerenga n'kumayenda akugwira mapewa. Palibe chinsinsi. Mayi amene analandira nsalu dzulo amadziwa kuti wopereka nsaluyo atembenuka n'kumuona waima mzere uti. Koma ngakhale njira imeneyi, ndi zofooka zake zonse, siifika pa mpando wa pulezidenti. Woimira chipani pa mpandowu amasankhidwa ndi nthumwi zochokera m'makomiti a m'zigawo, m'maboma ndi m'madera, zomwe zimatengedwa pa basi, kugonekedwa m'malo ogona alendo, n'kuvota muholo. Pomwe dzina likufika pa pepala lovotera, ntchito yaikulu yosefa imakhala itatha kale.

Pachiyambi sizinaoneke ngati vuto, chifukwa munthu woyamba yemwe Mzuzu inamutsatira sanachite kumusankhira muholo. Mu Malichi 1992 mabishopu a Katolika anatulutsa kalata yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi, ndipo boma linathamangitsa m'dziko Monsinyo John Roche yemwe ankayendetsa dayosizi ya Mzuzu. Pa 6 Epulo chaka chomwecho Chakufwa Chihana, mkulu wa mabungwe a anthu apantchito wochokera ku Rumphi, anatsika ndege ku Lilongwe akudziwa bwino lomwe kuti amangidwa, ndipo anamangidwadi asanamalize kuwerenga zomwe analemba. Anatuluka m'ndende patangotsala masiku ochepa kuti referendamu ya pa 14 Juni 1993 ichitike, pomwe anthu ankasankha pakati pa tambala wakuda, chizindikiro cha chipani chimodzi, ndi nyali, chizindikiro cha zipani zambiri. Kumpoto nyali inapambana ndi mavoti ochuluka zedi. Mu 1994 Chihana anakhala wachitatu, pambuyo pa Bakili Muluzi ndi Kamuzu Banda, koma chipani chake cha AFORD chinatenga mipando yonse 33 ya m'chigawo chakumpoto. Panthawiyo panalibe wofunsa za maonekedwe. Umboni wa munthuyo unali ndende.

Chomwe chinatsatira chinaphunzitsa anthu kuti kulimba mtima ndi kuyendetsa chipani ndi ntchito ziwiri zosiyana. Chihana analowa m'boma la Muluzi ngati wachiwiri wachiwiri kwa pulezidenti, anatulukamo mu 1996 akudandaula za katangale, nduna zake zina n'kukana kutuluka naye. Mu 1999 anayenda ndi Gwanda Chakuamba wa MCP, kenaka anabwereranso kwa Muluzi. Pofika 2004 AFORD inatsala ndi aphungu 6 okha. Kuchokera apo chigawo chakumpoto chinakhala chopanda chipani chachikulu chomwe chingati ndi chake, ndipo ichi ndicho chimachititsa Mzuzu kukhala malo osiyana ndi Thyolo kapena Kasungu. Kuno munthu sabadwa atavala kale mtundu wa chipani. Chisankho chilichonse amayeza mwatsopano, ndipo kuyambira 1994 wakhala akusintha: Chihana, Chakuamba, Bingu, Joyce Banda, Chilima, Chakwera. Ena amati n'kusakhazikika. Ine ndimaona kuti ndi anthu omwe amasunga ngongole ya malonjezo, tsiku lovota n'kuitanitsa.

Nkhani ya Bingu wa Mutharika ndiyofunika kuimapo, chifukwa zonse ziwiri, za pakamwa ndi za ntchito, zili momwemo. Muluzi atalephera kusintha malamulo kuti aimenso kachitatu, mu 2003 anatenga Bingu n'kumuika patsogolo pa UDF. Uyu anali munthu amene mu 1999 anaima payekha ndi chipani chake cha United Party osakwanitsa ngakhale 1 peresenti ya mavoti. Akuluakulu omwe anamanga UDF, monga Aleke Banda wa ku Nkhata Bay ndi Justin Malewezi, anatuluka. Pa misonkhano ya kampeni Muluzi ndiye ankalankhula nthawi yaitali, akumugulitsa Bingu ngati katswiri wa zachuma, mwiniwake n'kupatsidwa mphindi zochepa. Kumpoto sanagule malondawo: mu 2004 anavotera Chakuamba, yemwe womutsatira wake anali Aleke Banda.

Kenaka Bingu anayamba ntchito. Anatuluka mu UDF mu 2005 n'kuyambitsa DPP, anabweretsa makuponi a feteleza, ndipo pansi pa nduna ya zachuma Goodall Gondwe wa ku Mzimba, dziko linakhululukidwa ngongole zambiri zakunja mu 2006. Nkhokwe zinadzaza. Iye ankakonda kunena kuti ntchito za manja ake zimuchitire umboni, ndipo mu 2009 kumpoto anamuvotera pafupifupi onse. Palibe anganene kuti voti imeneyo inali ya nsalu kapena ya nkhope. Inali voti ya chimanga chomwe anthu anachiona ndi maso.

Komabe patangotha miyezi yochepa boma linabwezeretsa kota posankha ophunzira opita ku yunivesite, ndondomeko yomwe Sinodi ya Livingstonia inaitsutsa poyera chifukwa inkapweteka ana a m'chigawo chomwe chuma chake chachikulu ndi sukulu. Mafuta agalimoto anasowa, ndalama zakunja zinasowa, odzudzula ankatukwanidwa pa nsanja. Pa zionetsero zomwe zinayamba pa 20 Julaye 2011 anthu 20 anaphedwa m'dziko muno, ndipo mzinda womwe unataya anthu ambiri unali Mzuzu. Manda a ena mwa iwo ali ku Zolozolo. Aliyense wokamba za ntchito ndi maonekedwe mumzinda uno ayenera kukumbukira kuti ntchito za manja zinalipo, koma funso lakuti munthuyu amatani akatsutsidwa silinafunsidwepo. Bingu sanadutse pa mpikisano weniweni m'chipani, pomwe anzake akanamupanikiza pamaso pa anthu n'kuona kapsedwe mtima kake. Anachita kulozedwa chala ndi munthu mmodzi.

Chaka cha 2013 chinaonetsa kuti misonkhano ya zipani ingathe kusintha zinthu. Ku DPP Peter Mutharika anagonjetsa Henry Chimunthu Banda, yemwe anali sipikala wa nyumba ya malamulo, ndipo dzina la malemu mkulu wake linamuthandiza kwambiri. Ku MCP kunachitika zomwe ambiri sankayembekeza: nthumwi zinasiya John Tembo, yemwe anakhala m'ndale kuyambira nthawi ya Kamuzu, n'kusankha Lazarus Chakwera, m'busa amene anatsogolera mpingo wa Assemblies of God kwa zaka zoposa 20 koma asanakhalepo phungu kapena nduna. Chipani chinkafuna nkhope yatsopano yoti ifafanize mbiri yakale, ndipo chinaipeza. Kaya munthuyo angathe kuyendetsa boma linali funso lomwe linayankhidwa patapita zaka. Mu 2014 kumpoto anavotera Joyce Banda, ngakhale nkhani ya Cashgate inali mkamwamkamwa ndiponso anali atasiya Khumbo Kachali wa ku Mzimba n'kutenga Sosten Gwengwe kukhala womutsatira.

Pa Chilima ndi pomwe mkanganowu unafika pachimake. Atatuluka mu DPP mu 2018 n'kukhazikitsa UTM, misonkhano yake inali yamtundu wina: zovala zofiira, miyambi yotsatizana, achinyamata akuyankha kuti osaopa, osatopa, osafooka. Omutsutsa ankati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Omukonda ankaloza kuti anayendetsapo kampani ya Airtel Malawi, kuti ankafika pa nthawi yake, kuti ankatchula manambala, ndipo analonjeza ntchito 1 miliyoni. Kwa mnyamata wa digiri ya ku Mzuni yemwe akupalasa kabaza pa Katoto, lonjezo limenelo silinali chokongoletsera. Linali yankho la vuto lake lenileni. Chilima anapeza 20 peresenti mu 2019, khoti linafafaniza zotsatira za chisankhocho pa 3 Febuluwale 2020, ndipo pa 23 Juni mgwirizano wa Tonse unalowa m'boma Chakwera ali patsogolo. Feteleza wa K4,495 anaoneka chaka choyamba. Kenaka mitengo inakwera, mizere ya mafuta inabwerera, ndipo mawu akuti kudya katatu anasanduka chitonzo m'misika.

Zotsatira za pa 16 Sepitembala 2025 n'zovuta kwa aliyense amene amati Amalawi amangotengeka ndi zooneka. Peter Mutharika, wa zaka 85, amene sanayende misonkhano yambiri, anapambana ndi mavoti oposa 56 peresenti. Kabambe, ndi mfundo zake zonse za zachuma, anapeza pafupifupi 4 peresenti. Wina anganene kuti mfundo zinaluza. Ine ndikuona kuti anthu anayerekeza mtengo wa thumba la chimanga ndi paketi ya shuga pa maulamuliro awiri omwe anawaona ndi maso, ndipo anasankha pakati pa mayina omwe zipani ziwiri zazikulu zinawapatsa. Mayina onse awiriwo, la Mutharika ndi la Chakwera, anadutsa pa misonkhano ya zipani zawo mu 2024 popanda wopikisana nawo.

Zoyesera kukonza zinthu zilipo, koma zonse zimagwira kumapeto kwa ulendo. Mitsutso ya ofuna upulezidenti inayamba mu 2014, koma wokhala pampando amatha kuikana: Joyce Banda sanapite chaka chimenecho, Mutharika sanapite mu 2019. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi katundu pokopa ovota, komabe aliyense wokhala pafupi ndi ndale amadziwa kuti madandaulo a maenvulopu amamveka kwambiri usiku woti mawa nthumwi zivota. Nthumwi yochokera ku Chitipa kapena ku Likoma, yomwe thiransipoti, chakudya ndi pogona walipira ndi mmodzi mwa opikisana, n'kovuta kuti iime muholo n'kumufunsa munthuyo kuti ndalama za msewu wa Rumphi kudzera ku Nyika mpaka Chitipa azitenga kuti. N'kovutanso kuti ifunse za yunivesite ya Mombera ku Mzimba, yomwe mwala wake wa maziko unaikidwa mu 2015, kapena za malo a achinyamata a Mzuzu Youth Centre omwe akhala akulonjezedwa ndi maboma otsatizana. Mafunso amenewa amafunsidwa ndi mavenda a mumsika wa Zigwagwa ndi oimba foni pa wailesi, anthu omwe muholo salowamo.

Chomwe chigawo chakumpoto chimalandira m'malo mwa mayankho nthawi zambiri ndi mpando wachiwiri. Mu 2014 Chakwera anatenga Richard Msowoya wa ku Karonga kukhala womutsatira. Mu 2025 anatenga Vitumbiko Mumba wa ku Mzimba, Kabambe n'kutenga Mtumbuka wa ku Rumphi. Mutharika anagwirizana ndi AFORD, ndipo atapambana anasankha Enock Chihana kukhala wachiwiri wachiwiri kwa pulezidenti, mpando womwe bambo ake anakhalapo mu 1994. Mumzinda muno alipo akuti mpandowo ndi khomo lomwe chitukuko chingalowere, ndipo alipo achikulire omwe anauona koyamba zaka 30 zapitazo, amene akuti ayamba aona kaye ndalama zomwe ndondomeko ya zachuma iike pa misewu ndi sukulu za kuno.