Musanapangane ndi wophika wa pa ukwati, mufunseni za nthawi

Anthu akabwera kudzakambirana za chakudya cha pa ukwati, funso loyamba limakhala lakuti mbale imodzi ndi ndalama zingati. Lachiwiri, kodi tingalawe kaye? Mafunso onsewa ndi abwino, koma ife amene timaphikira maphwando timadziwa kuti sasiyanitsa katswiri ndi wongoyesa mwayi. Pa tsiku lolawa aliyense amaphika bwino. Kuphikira anthu anayi, mbale n'kufika patebulo nthunzi ili tolotolo, n'kosavuta. Ntchito imaoneka pamene alendo 300 achedwa kudya ndi maola awiri chifukwa ojambula sanamalize ndipo olankhula akukanirira maikolofoni.

Ndiye mufunseni wophikayo kuti chakudya adzaphikira kuti, adzaphula nthawi yanji, ndipo chidzakhala pati mpaka anthu atayamba kudya. Wodziwa ntchito amayankha mosadodoma, amatchula maola ndi ziwiya. Wina amangoti musadandaule, zonse zikhala bwino. Ameneyo ndiye wodandaulitsa.

Chifukwa chake n'chakuti chakudya chophikaphika chili ndi malire ake. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti chotentha chizisungidwa pamwamba pa madigiri 60, chozizira pansi pa madigiri 5, ndipo chophikidwa chisakhale poyera kupitirira maola 2. Pakati pa madigiri 5 ndi 60 ndi pamene tizilombo toyambitsa matenda timaswana mofulumira. Mpunga, womwe ambiri amauona ngati wosalakwa, ndiwo umagwetsa maphwando ambiri. Kachilombo kotchedwa Bacillus cereus kamapulumuka pophika, ndipo mpunga ukakhala wofunda kwa maola angapo kamatulutsa poizoni amene safa ngakhale mutautenthetsanso. Mphuno siikuuzani, lilime silikuuzani. Mumangomva usiku womwewo kuti alendo akusanza.

Mukapita kukaona komwe amaphikira, ndipo pitani ndithu, musataye nthawi ndi zithunzi za pa foni. Tsegulani firiji muone ngati nyama yaiwisi ili pansi, zophikaphika pamwamba, kuti madzi a nyama asadonthere pa chodyedwa. Onani ngati thabwa lodulirapo nkhuku yaiwisi ndi lomwelo akudulirapo saladi. Pemphani akuonetseni kachipangizo kobaya m'nyama poyeza kutentha kwa mkati. Ndipo mbale zachitsulo zija zokhala ndi madzi ndi kamoto pansi, zimene timaika pa tebulo lotengerapo chakudya, ntchito yake ndi kusunga chotentha kuti chisazizire, osati kudzutsa chimene chazizira kale. Wophika amene amadalira kamoto kameneko kutenthetsa nyama yomwe yayenda ulendo wautali m'galimoto akuseweretsa mimba za alendo anu.

Nthawi imabisalanso pamzere. Tiyerekeze kuti munthu aliyense akutenga masekondi 20 kuti amuikire chakudya. Alendo 300 pa mzere umodzi ndi mphindi 100, kutanthauza kuti womaliza akudya oyamba ataiwala kale kuti anadya. Mizere itatu, nkhani yatha m'mphindi zosakwana 35. Choncho funsani kuti matebulo operekera adzakhala angati, operekera zakudya angati, ochotsa mbale angati, ndipo ndani adzawayang'anira. Nthawi zina mwini kampani amene mwagwirizana naye amakhala walandira maukwati awiri tsiku limodzi, kwanu n'kutumiza anyamata oti awapeza dzulo. Kufunsa ngati iye mwini adzakhalapo si mwano.

Tsopano za mtengo wa mbale. Awiri akhoza kukutchulirani mitengo yosiyana kwambiri, wotchipayo n'kudzakhala wodula pomaliza. Wina mtengo wake waphatikizamo mbale, masipuni, matambula, nsalu za patebulo, madzi akumwa, malipiro a operekera, thiransipoti ndi kutsuka. Wina watchula chakudya chokha, zinazo mudzazimva kutatsala sabata. Safunsa anadya phula. Musaiwalenso kufunsa ngati msonkho uli momwemo, ndi amene adzadule ndi kugawa keke.

Chiwerengero cha anthu ndi udindo wanu, osati wa wophika. Ambiri amawerenga makadi amene atumiza n'kuiwala ojambula, oimba, oyendetsa galimoto, okongoletsa malo ndi ana. Onsewo adzadya, ndipo nthawi zambiri amadya moyambirira. Ophika ambiri timawonjezera pang'ono pa nambala imene mwatipatsa, koma pang'ono pameneko sipangadyetse anthu 80 osayembekezeka. Gwirizanani tsiku lomaliza losinthira nambala, chifukwa tikagula kale zinthu sitingazibweze. Pa tsiku lomwelo tiuzeni za alendo amene thupi lawo limadana ndi mtedza, mazira, mkaka kapena nsomba. Kwa ena kachidutswa kokha ka mtedza kamatsekereza kupuma, choncho mbale yawo imakonzedwa payokha ndi ziwiya zakezake. Odwala shuga ndi amene sadya nyama nawonso tiwadziwiretu.

Eni malo a phwando alinso ndi mawu. Holo zina sizilola wophika wakunja, zina sizilola kusonkha moto, zina zilibe khitchini kapena madzi okwanira. Wophika akaone malowo tsiku lisanafike, aone polowera galimoto, potsukira, ndi chomwe adzachite magetsi akazima.

Zonsezi zilembedwe. Pepala likhale ndi tsiku, malo, mndandanda wa zakudya, nambala ya alendo, ola loyambira kudya, chiwerengero cha ogwira ntchito, dipoziti imene mwapereka, tsiku lomalizira kulipira, ndi zomwe zidzachitike ukwati ukasunthidwa kapena wophika akalephera kubwera. Ndalama iliyonse ituluke ndi lisiti, ndipo ine sindilangiza kulipiriratu zonse kudakali miyezi kuti ukwati uchitike. Lembaninso za chakudya chotsala, chifukwa chimayambanitsa abale ndi ophika phwando likatha. Chimene sichinatuluke m'firiji kapena chimene chakhala pa moto nthawi yonse mukhoza kutenga, bola chikalowe m'firiji msanga. Chimene chakhala patebulo kupitirira maola 2 chikuzizira, wophika wabwino adzakukanizani, ngakhale munalipira ndinu.