Ana akusewera m'madzi: chifukwa chake zithunzi zanu zikukana

Bambo wina ananditumizira zithunzi 40 za ana ake awiri akuwazana madzi, n'kundipempha kuti ndimuuze zoona zokhazokha. Ndinamuuza kuti zabwino ndi zitatu. Anakhala duu masiku awiri, ndipo atayankha anati achibale ake anaziyamikira zonse.

Sananame ayi. Wachibale akayang'ana chithunzi amaona mwana amene amamudziwa, mpaka kumva kuseka kwake. Mlendo amaona zokhazo zimene zili m'chithunzimo: nkhope yakuda bii, mkono woduka pachigongono, mtengo womera pamutu pa mwana. Inu wojambula muli mbali ya achibale, chifukwa mukukumbukira chisangalalo cha tsikulo ndipo mumachithira pachithunzi osadziwa. Paja wakutsina khutu ndi mnansi. Koma kutsina kothandiza ndi kumene kumaloza pamene palakwika n'kutchula chimene chachititsa. Mawu akuti “sichikuoneka bwino” saphunzitsa munthu kanthu.

Tiyambe ndi dandaulo limene ndimalimva kwambiri, lakuti chithunzi chatuluka mwachizimezime. Chizimezime chili ndi magwero atatu, ndipo wounika wodziwa ntchito amawasiyanitsa. Ngati zonse, mwana ndi miyala ndi mitengo, zapakikira mbali imodzi, ndiye kuti manja anu anagwedezeka. Ngati miyala ili bwinobwino koma mwana ndi madzi ndi amene apakika, shata, kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera, inachedwa kutseka. Ngati madontho akuoneka limodzilimodzi koma maso a mwana ali mbuu, fokasi, imene imasankha malo oti aoneke bwino m'chithunzi, inagwira pena. Mankhwala a matenda atatuwa ndi osiyana, ndiye amene wangokuuzani kuti “gwirani kamera mwamphamvu” mwina wakupatsani mankhwala a matenda amene mulibe.

Vuto la shata ndi limene limagwetsa ambiri. Kamera ikasiyidwa pa Auto nthawi zambiri imasankha liwiro loyenera munthu woima, monga 1/125 ya sekondi. Mwana wothamanga amafuna 1/500 kapena kuposa apo. Madzi owazika amathamanga kuposa mwanayo, choncho yambirani pa 1/1000, ndipo ngati mukufuna dontho lililonse liime m'malere ngati mkanda, pitani pa 1/2000. Kuwala kukachepa kwezani mopanda mantha ISO, nambala imene imawalitsa chithunzi koma n'kubweretsa timadontho. Chithunzi cha timadontho ta mchengamchenga chimapiririka, koma nkhope yopakika siikonzeka pakompyuta. Harold Edgerton wa ku yunivesite ya MIT ku America, amene mu 1957 anajambula dontho la mkaka likuwazika ngati chisoti chachifumu, ankaimitsa madzi ndi kung'anima kwa fulashi. Inu panja muli ndi dzuwa, ndipo n'lokwanira.

Fokasi nayo ili ndi khalidwe lake: imakonda chinthu chapafupi ndi chowala, ndipo madzi owazika ali ndi zonse ziwirizi. Ikani kamera pa fokasi yotsatira chinthu choyenda, imene pa Nikon ndi Sony imalembedwa AF-C, pa Canon AI Servo kapena Servo, n'kulozetsa kadontho ka fokasi pankhope. Anthu ambiri amakonda kutsegula kwambiri kabowo ka galasi la kamera, pa nambala ya f/2.8, chifukwa imafewetsa zakumbuyo, koma mwana wosakhazikika amatuluka msanga m'kadera kochepa kamene kamaoneka bwino. Ine ana akakhala awiri ndimatsekako mpaka f/5.6.

Nanga nkhope zakuda bii zija? Pafupifupi theka la zithunzi za bambo uja zinali ndi vutoli. Madzi owombedwa ndi dzuwa amanyezimira, kamera n'kuganiza kuti kwawala mopitirira, ndiye imadetsa chithunzi chonse pamodzi ndi nkhope. Pezani batani lolembedwa +/- ndipo muwonjezere kufika pa +1, kenako muyang'ane. Madzi akayera mopyola pang'ono palibe amene adzadandaule. Anthu amayamba kufunafuna maso a mwana.

Komwe dzuwa lili ndi nkhani imene ndimaikonda kuposa zonsezi. Tinazolowera kumva kuti dzuwa likhale kumbuyo kwa wojambula. Pamadzi langizoli limabala ana otsinzina ndi madontho osaoneka. Zungulirani, dzuwa likhale kumbuyo kwa mwana kapena cham'mbali mwake, makamaka m'mawa kapena likamapendeka, ndipo funani kuti kumbuyoko kukhale kodera, monga mitengo yowirira kapena khoma lamthunzi. Dontho lililonse limayaka ngati nyali, tsitsi lonyowa n'kukhala ndi mzere wowala m'mphepete. Ena adzakulangizani galasi la polarizer lochotsa kunyezimira. Limachotsadi, koma limadya kuwala kumene shata yanu ikukufuna, ndipo kunyezimirako nthawi zina ndi kumene kumapatsa chithunzi moyo. Ine ndimaliika pokhapokha ndikafuna kuti miyendo ya mwana ioneke pansi pa madzi.

Gwadani. Mukajambula muli chiimire mumangojambula pamwamba pa mitu ndi madzi amatope. Mukafika pamlingo wa maso a mwana, woonera amalowa m'masewerawo. Chovala pabondo chinyowa, palibe kuchitira mwina. Kamera yokha itetezeni, makamaka ku madzi amchere amene amadya zitsulo zake.

Tsono popempha ndemanga, musatumize zithunzi 40. Sankhani zitatu, ndipo musasankhe tsiku lomwelo mtima udakali m'mwamba. Nenani shata, f ndi ISO zimene munagwiritsa ntchito. Kamera ndi foni zimasunga manambalawa m'chithunzi chilichonse, m'chigawo chotchedwa EXIF. Nenaninso chimene munkafuna: madzi oima chilili kapena oyenderera ngati utsi? Popanda zimenezi wounika angakudzudzuleni pa chinthu chimene munachita dala. Funsani funso lolunjika, monga “diso lanu layamba kugwera pati?” Akayankha kuti pa chidebe chofiira chili pakona, mwaphunzira kanthu.

Si ndemanga iliyonse yoyenera kuimvera. Wokuuzani kuti mugule kamera ina musanaphunzire imene muli nayo, muthokozeni n'kupitiriza zanu. Wina adzati madzi apendekeka, ndipo pamenepo akunena zoona, chifukwa nyanja yotsetsereka imasokoneza diso ngakhale la munthu wosadziwa kujambula. Koma wonena kuti mwana akanayang'ana kamera n'kumwetulira akufuna chithunzi china, osati chanucho. Anthu atatu osadziwana akaloza malo amodzi, pamenepo ndiye pali vuto. Ulendo wotsatira sinthani chinthu chimodzi chokha kuti mudziwe chimene chathandiza.

Pali ziwiri zimene sindilola kukambirana. Munthu amene diso lake lili pakamera sakuyang'anira ana, ngakhale atakhala kholo lawo. Mwana amatha kumira m'madzi osaya, ndipo kawirikawiri amamira mwakachetechete, osakuwa. Pakhale wamkulu wina wopanda kamera kapena foni m'manja. Chachiwiri, zithunzi za ana ovala zosambira si zomwaza paintaneti pofuna ndemanga. Onetsani anthu amene mumawadziwa, pemphani chilolezo cha makolo ngati ana si anu, ndipo chotsani GPS, popeza EXIF yomweyo imatha kuulula malo enieni amene munajambulira.

Bambo uja anabweranso patapita milungu itatu ndi zithunzi zinayi. Pa chimodzi mwana wamng'ono watseka maso, pakamwa pali yasa, madzi a mkulu wake atatsala pang'ono kumufika pamphumi. Ndinamuuza kuti phazi lakumanzere waliduliranso pa kakolo. Anati waliona kale yekha.